Mazira a Alamu Anga

Masiku ano munthu akandifunsa kuti ku Joni ndinkagwira ntchito yanji, ndimamuuza mosapsatira: ndinkaweta njoka. Ena amaseka, ena amasendeza mpando. Asendeze. Chimene ndinkaopa kutaya pobisa nkhaniyi ndinataya kalekale, ndiye ndibisirenji?

Kwathu ndi ku Bowe, koma ndinakwatira kufupi ndi Kasakula, kumapiri a Ntchisi uko, ndipo ndinali mkamwini. Amene simunakhalepo pachikamwini musandiuze kanthu. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi, ngakhale mthunzi wa mango umene wakhalapo ndi wa eni mudzi. Iwe chako ndi khasu ndi bulangete basi. Mwini mbumba anali a Yotamu, mlongo wa mkazi wanga, munthu wa pakamwa potsekemera, woimba besi kutchalitchi. Mwana wanga Lute akadwala, woyamba kuuzidwa sindinali ine, anali a Yotamu. Sindinkadandaula ayi. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo amake Lute ndinkawakonda zenizeni.

Ndinanyamuka mavoti a nyali ndi tambala atangodutsa. Ufulu wolankhula unabwera, inde, koma feteleza anakwera mtengo moti tinkangomuonera pawindo la sitolo, ndipo fodya wanga chaka chimenecho anatuluka wopyapyala wochititsa manyazi. Ulendo wa kumigodi umene ankapita makolo athu, wa mapepala ndi ndege, unali utatsekedwa. Ife tinapita mwa tokha. Lole mpaka Lilongwe, basi mpaka Mwanza, kudutsa Tete titakhala pamwamba pa matumba, ndipo mtsinje womaliza wa pamalire a ku Joni tinauwoloka madzi ali m'chiuno, nsapato pamutu.

Amene ananditola ndi Felenando, munthu wa ku Angonia wolankhula Chichewa ngati chathu chomwechi. Anandipeza pamphambano pamene anthu osowa ntchito tinkaimirira kudikira maganyu, milomo itauma gwa. Anandimva ndikutukwana ndekha m'chilankhulo cha kwathu, n'kuseka.

"M'bale, umaopa chiyani padziko pano?"

"Njala," ndinatero.

"Ngati ndi njala yokha, tiye."

Famuyo inali kunja kwa Pitoliya, ya mzungu wina wandevu amene tinkangomuti Bwana Ndevu. Felenando atatsegula chitseko cha shedi yaikulu, mayo ine! Mabokosi agalasi mizere mizere mpaka kudenga, lililonse muli njoka. Zofiira, zachikasu, zoyera ngati ufa, nsato zazikulu ngati ntchafu yanga. Ndinabwerera chambuyo mpaka ndinakagwera m'ndowa. Felenando anaseka mpaka misozi, ati zambirizi n'zopanda ululu, azungu amagula n'kumasunga m'nyumba ngati mphaka. Ndinati azungu apenga. Koma njala ndi imene inandibweza m'shedimo, osati kulimba mtima.

Kalata yoyamba yopita kumudzi ndinalemba kuti ndapeza ntchito pafamu ya nkhuku. Nanga ndikanalemba chiyani? Kwathu munthu woweta njoka ali ndi dzina limodzi lokha, ndipo dzinalo salitchula masana. Mkamwini ndiye kaya.

Chimene chinkandipweteka miyezi yoyamba si njoka ayi, koma mbewa. Bwana anali ndi nyumba yonse yowetera mbewa ndi makoswe, zonona mbee, zodya bwino kuposa ife, ndiye n'kumaponyera njoka! Mwana wa ku Dowa ine, wokulira kukumba mbewa m'chilimwe, ndinkachita kumeza malovu. Tsiku lina Lamulungu ine ndi Felenando tinawamba zisanu kuseri kwa thanki ya madzi. Zinali zozizira mkamwa, zopanda kafungo ka kutchire, koma tinadya tikuimba nyimbo za kwathu ndipo tsiku limenelo ndinaiwala kuti ndili kwa eni.

Bwana anandizindikira chifukwa cha dzanja langa. Ndisanakwatire ndinagwirapo pa esiteti ina ku Kasungu, kusonkhezera moto m'mabalani a fodya wochita kuwamba, ndipo kutentha ndinkakudziwa ndi khungu. Tsiku lina ndinalowa naye m'kachipinda kosungira mazira n'kumuuza kuti muno mwazizirako lero. Anayang'ana kagalasi koyezera kutentha kamene kanali pafupi ndi chitseko, n'kundiyang'ana ine. Mawa lake anandipatsa kiyi.

Kachipindako kanali kopanda windo, kofunda, kachinyontho, mashelefu mbali zitatu. Njoka ikaikira, tinkatola mazira ake, ofewa ngati chikopa, n'kuwayala m'mabokosi apulasitiki pa kadothi konyezimira konyowa. Dzira lililonse ndinkalilemba kamtanda pamwamba ndi pensulo, chifukwa dzira la njoka salitembenuza monga ichitira nkhuku. Mmene lagonera, ligone momwemo miyezi iwiri. Lamulo la bwana linali limodzi: madzi a m'kagalasi kaja asachoke pamzere wofiira, kaya kukwera kaya kutsika. Zikafika poswa, kamwana kankang'amba dzira, kutulutsa kamutu, n'kumayang'ana dziko tsiku lonse kasanatuluke. Ndisaname, ndinayamba kuzikonda. Madzinja awiri oyamba ana anatuluka owongoka ngati ulusi, ndipo bwana ankabweretsa anzake kudzandionetsa.

Zaka zimenezo kumudzi kunapita malata, kunapita njinga, kunapita makina osokera. Amake Lute anaumbitsa njerwa n'kumanga nyumba ya zipinda zitatu pamalo pa amayi awo. Analemba kuti anthu ochokera kumsika wa Kasakula amaima pamsewu kuloza denga likunyezimira. Kalata imeneyo ndinaiwerenga mpaka inang'ambika m'mapindiro.

Kenako inabwera ina. "Abambo a Lute, achimwene akuvutika kuno. Apezereni malo kunkhuku kwanuko."

Felenando anandiletsa. Anati m'bale wa mkazi ndi wabwino ali kutali. Koma mkamwini angakane bwanji mwini mbumba? Ndinapita kwa bwana chipewa chili m'manja, ndinati munthuyu ndi mkulu wa mpingo, samwa, saba, ndikumuikira kumbuyo ndi ineyo. A Yotamu anafika m'nyengo yozizira, ndinawapatsa bedi langa ine n'kugona pansi. Ataona njoka anakuwa kuposa mmene ndinakuwira ine, n'kunditukwana kuti ndawanamiza. Nditawakhazika pansi tinagwirizana kuti kumudzi nkhani ikhale yomweyo ya nkhuku, ndipo tinagwirana chanza. Bwana anawaika kunyumba ya mbewa.

Utuchi woyalira mbewa unkasungidwa m'matumba m'kachipinda kanga kaja, pansi pa shelefu yakumapeto, kukona ya kumanzere. Choncho a Yotamu ankabwera kudzabwereka kiyi. M'mawa, "Alamu, kiyi." Masana, "Alamu, kiyi." Madzulo chimodzimodzi. Ndinkadabwa kuti mbewa zimenezi zayamba kudya utuchi kodi, koma mlamu samufunsa kawiri. Ndinkangovula chingwe m'khosi n'kuwapatsa.

Dzinja limenelo ndi pamene kanatuluka koyamba. Kamwana kofiira bwino, maso ali gwa, koma chakumchira msana unali utathyoka ngodya, ngati waya wopindidwa ndi pulayala. Ndinakayendetsa chala, ndinamva mfundo yolimba pansi pa khungu. Kachiwiri kanali ndi mfundo ziwiri. Kachitatu kanapindika pakhosi pomwe, kakafuna kupita kutsogolo kankangozungulira malo amodzi. Bokosi limenelo theka lonse linatuluka choncho, ndi mabokosi ena atatu.

Opindika pang'ono kumchira ankatha kukhala ndi moyo, koma palibe ankagula. Opindika pakati akameza kambewa, chakudya chinkaima pamfundopo n'kuwolera pomwepo. Amenewo bwana anati ndiziika m'kathumba n'kuponya mufiriji. Ndinkatero, koma ndinkayang'ana kumbali. Miyezi iwiri kudikira chinthu, kuchithirira madzi ndi supuni, ndiye n'kuchipha ndi manja ako omwe!

Bwana sanandikalipire chaka chimenecho. Anakhala nane pansi ndi buku lake la mitundu, n'kundiuza kuti msana wa mwana wa njoka umapindika pa zifukwa zingapo. China ndi magazi: ukakweretsa bambo ndi mwana wake, kapena mlongo ndi mlongo, pofuna kuti mtundu woyera uja usatayike, zilema zobisika zimatulukira. China ndi mayi wosadya bwino, woikira mazira thupi lilibe za mafupa zokwanira. China ndi kutentha, kukapitirira kapena kukamakwera n'kutsika pamene msana ukuumbika m'dziramo. Anayang'ana buku langa la kagalasi, mzere wofiira tsiku ndi tsiku, n'kuti kutentha ayi. Anati ndi magazi, mlandu ndi wake. Anakagula amuna atsopano ku Debeni, ndipo mbewa zonse tinayamba kuziwaza ufa woyera wa mafupa tisanapatse zazikazi.

Dzinja lotsatira, magazi atsopano, chakudya chatsopano, bokosi loyamba kuswa linatuluka lopindika kuposa kale.

Apa ndiye mutu unandiima. Ndinakhala m'kachipindamo tsiku lonse Loweruka, bwana atapita kutauni, kukumbukira mabokosi a chaka chatha ndi pamene lililonse linali. Mayi wosiyana, bambo wosiyana, koma malo amodzi: mashelefu awiri apansi, kukona ya kumanzere. Ndinakumbukira ku Kasungu. M'balani, kagalasi kamatha kukuuza zabwino pakhomo pamene fodya wa pafupi ndi ng'anjo akupsa. Ndinayika dzanja pansi pa shelefuyo. Thabwa linali lotentha ngati mwala wa pamoto.

Ndisanasunthe n'komwe thumba, ndinamva kamawu. Piyo. Piyo.

Kuseri kwa matumba a utuchi kunali katoni yokutidwa ndi jekete lakale, waya wake wodutsa pakabowo ka m'khoma kupita kunyumba ya mbewa. M'katimo babu yamagetsi ikuyaka, mbale ya madzi, ndi mazira a nkhuku odzaza thireyi, limodzi litaboola kale. Dzira la nkhuku limafuna kutentha kwambiri kuposa la njoka, ndipo limafuna kulitembenuza katatu patsiku. Ndiye "Alamu, kiyi" uja anali ameneyo. Moto wa babu unkakwera n'kumaphika ana a njoka pamwamba pake pang'onopang'ono, kagalasi kali kuchitseko uko kakunena kuti zonse zili bwino.

A Yotamu ndinawapeza akutsuka zomwera mbewa, akuimba nyimbo ya m'buku.

"Alamu, mwandipha."

Anayang'ana katoni m'manja mwanga, osadzidzimuka n'komwe. "Aaa, aswa kale? Ndinaphonya tsiku. Ndimawachotsa asanayambe kulira."

"Mukudziwa chimene mwachita inu? Njoka zonse zija zopindika, ndi babu yanuyi!"

"Mwayamba liti kulirira njoka, alamu? Chipinda chofunda bwino chotere chizingofungatira zinthu za Satana, pamene kulokeshoni amayi akulimbirana anapiye? Ine ndaona malo ongokhala, ndaikapo chinthu chodyedwa. Chalakwika n'chiyani?"

Ndinati ndikukanena kwa bwana. Anapukuta manja pabuluku pang'onopang'ono, kumwetulira kuja kuli pomwepo.

"Kaneneni. Andichotsa, ndibwerera kumudzi. Ndiye inu tsiku lobwera mudzafikira kuti? Nyumba ija ili pa dothi la yani? Lute ndi wa yani?"

Mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Ndinaima pamenepo ndi katoni yanga ngati chitsiru, kamwanapiye kakulira m'katimo. Pamapeto pake ndinawapatsa katoni yawo, n'kungowapempha kuti asabwerezenso. Kuwapempha! Ine wolakwiridwa. Waya ndinazula ndekha, bowo ndinamata ndi matope.

Felenando nditamuuza anamenya khoma. "Kanene lero lomwe! Munthu ameneyu akudya ndi mafupa omwe." Ndinati sungamvetse. Anati akumvetsa bwino, naye kwawo ndi mkamwini, n'chifukwa chake alamu ake anawasiya komweko.

Babu inachoka, koma mazira anali atapsa kale. Sabata ndi sabata mabokosi a kukona ija ankaswa, sabata ndi sabata ndinkapita kufiriji ndi kathumba. Bwana anaitanitsa dokotala wa ziweto, mayi wamagalasi. Anang'amba tiana titatu takufa, anafunsa za makolo ake, anafunsa za chakudya, kenako anatiyang'ana tonse n'kunena kuti izi si za magazi. Mazira a mayi mmodzi amene anagawidwa m'mabokosi awiri, lapamwamba linatuluka bwino, lapansi lopindika. Anati pali chinatenthetsa malo amenewa kwa masabata, ndipo chinaikidwa ndi munthu.

Bwana anatiimiritsa atatu, ine, Felenando ndi a Yotamu, pabwalo, dzuwa lili pamutu. Nkhope yake inali yofiira kuposa njoka zake.

"Iwe, ndinakupatsa kiyi chifukwa ndinkakukhulupirira. Unaikamo chiyani? Unkaphikiramo? Unkayanikamo zovala ndi mbaula?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye ndani wina amalowamo?"

Ndinayang'ana a Yotamu. Ndinkati mwina Mulungu amene amamuimbira uja awagwira lilime, anene okha. Iwo maso anali kumapazi. M'maganizo ndinaona denga lija likunyezimira pamsewu wa Kasakula, ndinaona Lute.

"Palibe, bwana," ndinatero.

Felenando anatsegula pakamwa, ine ndinamuponda phazi. Bwana anatembenukira kwa a Yotamu n'kuwafunsa ngati akudziwapo kanthu.

"Ine ndi wa kumbewa, bwana," anatero mofatsa. "Kiyi amagona nayo m'khosi ndi iwowa."

Chingwe chija bwana anachita kundivula yekha, n'kundiuza kuti ntchito yatha. Ndisanafike n'kugeti komwe chinali kale m'khosi mwa a Yotamu. Kamba amanyera amene wamtola, akuluakulu sananame. Felenando anandiperekeza mpaka kumsewu waukulu, anandipatsa jekete lake ndi buledi, akulira ngati mwana, akunditukwana kuti ndine chitsiru cha munthu. Sindinamuonenso.

Mtima unkandiwawa, komabe ndinkadzitonthoza kuti ntchito ndataya koma banja ndasunga. Ndinazungulira m'maganyu a zomangamanga miyezi ingapo, manyazi akundiletsa kulemba kalata. Khirisimasi inandipeza ndikusakaniza simenti. Kenako apolisi anandigwira pokwerera minibasi, opanda pepala lililonse, ndinakhala masabata kumpanda wa anthu odikira kubwezedwa kwawo, ndipo ndinafika ku Lilongwe ndi kachikwama kamodzi, chimanga chili m'mawondo.

Ndinatsika ku Kasakula masana n'kuyamba kukwera phiri wapansi. Anthu amene ndinkakumana nawo ankayankha moni mwachidule n'kupatuka. Mayi wina amene ndinamunyamulirapo maliro a mwamuna wake anakokera mwana wake kuseri. Nditafika pakhomo, Lute, amene anali atakula mpaka kufika pachifuwa panga, anandiyang'ana kamodzi n'kuthawira kwa agogo ake akukuwa. Amake anatuluka, anagwada patali, anandilonjera ngati mlendo wodutsa. Madzi anandipatsira m'kapu yakeyake imene sinabwererenso m'nyumba. Anyamata awiri a m'mudzimo anatenga kachikwama kanga n'kukakhutula pabwalo ndi ndodo.

A Yotamu anali atanditsogolera. Anabwera pa Khirisimasi ndi masutikesi awiri, wailesi ya makaseti ndi zitenje za mbumba yonse, ndipo anali asanabwerere. Nkhani imene anabweretsa inali yakuti mkamwini wanu ku Joni sanali kunkhuku. Ankaweta njoka. Mzungu anamugwira akuthyola misana ya ana a njoka n'kumachotsa timafupa ta zizimba zokhwimira, n'chifukwa chake anamuthamangitsa. Malata aja, njinga ija, mukuyesa n'za thukuta? Ndipo poti mng'ono wa mkazi wanga anali atangopita padera, ndi mbuzi za apongozi zitafa zinayi, anthu sanavutike kufunafuna chifukwa.

Ndinagona masiku atatu m'khitchini, nyumba yanga ya malata ndikuiona apo. Tsiku lachinayi ankhoswe anakumana pakhonde pake. Kwathu ku Bowe kunabwera amalume anga, okalamba, atayenda ndi ndodo. Apongozi anakhala kuseri kwa khoma monga mwa mwambo, koma kutsokomola kwawo kunkamveka.

Ulendo uno ndinalankhula. Ndinanena zonse: kachipinda, kagalasi, kona ya kumanzere, katoni, babu, mazira a nkhuku, dokotala wamagalasi. Ndinafotokoza mmene kutentha kumapindira msana mwana akadali m'dzira, manja anga akuchita kuonetsa. Ndikulankhula ndinkaona nkhope zawo zikuipiraipira. Chimene ankamva iwo n'chakuti munthuyu akudziwa za m'kati mwa dzira la njoka.

Nkhoswe ya kuchikazi inatulutsa mtolo wa makalata anga womangidwa ndi mphira.

"Dzanja ili ndi la yani?"

"Langa."

"Apa mwalemba kuti muli kunkhuku. Apanso kunkhuku. Zaka zonsezi kunkhuku. Lero mukuti njoka. Tsono timve ziti, poti bodza mwavomera nokha kuti mumalitha?"

"Afunseni alamu angawo ngati iwo sanali konko!"

A Yotamu anayala manja, mawu ali pansipansi ngati akupemphera. "Ine ndinaitanidwa kuti kuli ntchito ya nkhuku. Nditafika n'kuona zimene ndinaona, ndinalira. Njoka sindinaigwirepo, Mulungu ndi mboni. Anapiye ndiye ndinaweta, inde, amayi a kulokeshoni angakuuzeni. Kodi kuweta nkhuku ndi mlandu?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Ha! Ndinaimirira kuti ndiwagwire pakhosi, amalume anandikoka malaya. "Khala pansi, mphwanga, uli kwa eni."

Kenako anafunsa amake Lute ngati ali ndi mawu. Mkazi ameneyu ndinamutayira ntchito, ndinamutayira dzina. Anakhala chogwada, akutokosa udzu ndi chala.

"Ine ndilibe mawu," anatero. "Eni mbumba ali pomwepa."

Chigamulo chinali chaulemu, monga timachitira kwathu tikamapha munthu. Anati bamboyu ayambe wapita kwawo akapume, mitima ikazizira adzatumiza mawu. Aliyense pakhondepo ankadziwa kuti mawuwo sadzabwera. Ndinapempha kuti nditsanzikane ndi Lute, anati wapita kudimba.

M'mawa mwake amalume anatsogola ndi ndodo yawo. Ndikumanga kachikwama, amake Lute anatulukira, anakanyamula n'kukaika pamutu, n'kuyamba kutsika njira ya kumtsinje. Ndinawatsata. Tinadutsa minda, tinadutsa manda, mudzi unabisika kuseri kwa phiri. Pamenepo ndinati mwina pano, popanda maso a anthu, andifunsa okha kuti zoona ndi ziti.

"Amake Lute, ndikulumbira pa mwana wathu, sindinathyole msana wa chinthu chilichonse. Mundikhulupirire inu nokha, ena onsewo asiyeni."

Anapitiriza kuyenda, kachikwama kali pamutu.

"Ndikudziwa."

"Mwati chiyani?"

"Ndikudziwa kuti simunali inu. Achimwene anauza akazi awo za babu ija tsiku lomwe anafika, akuseka. Akazi awo anandiuza kudimba, chaka chatsopano chisanakwane."

Ndinagwira mtengo wa msuku umene unali pambali pa njira.

"Ndiye dzulo pakhonde paja? Anakufunsani, amake Lute! Anakufunsani pamaso pa anthu onse!"

"Ndikanati chiyani? Kuti mlongo wanga ndi wabodza, amayi akumva kuseri kwa khoma? Inu muli ndi kwanu kopita. Ine ndikadwala adzandinyamula ndani? Lute akadzakula adzamuimira ndani? Chibale ndi fupa, abambo a Lute, sichiwola."

"Nanga ine ndinakhala chete kwa mzungu chifukwa cha yani?"

"N'chimodzimodzi," anatero, misozi ikutsika koma mawu osagwedera. "Inu munawaopa muli ku Joni. Ine ndimagona nawo mudzi umodzi."

Tinali tafika pamtsinje, pamene dziko la kwawo limathera. Amalume anali atawoloka kale, atakhala pamwala tsidya linalo. Amake Lute anatula kachikwama, anakasasa fumbi, anagwada pamchenga n'kundipatsira ndi manja awiri, mwaulemu wonse monga anawalangira anamkungwi.

"Muyende bwino," anatero. Anadzuka, anakonza chitenje, n'kuyamba kukwera phiri kubwerera kwa mlongo wawo.